Mwana wanga akuti sanandimvepo ndikupemphera

Aphungu,

Ndine bambo wachikulire, kalipentala. Sukulu ndinaisiyira panjira, koma Baibulo ndimawerenga ndekha, pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Ndayamba ndi zimenezi kuti musandiyese munthu wakunja amene wangobwera kudzanyoza mpingo. Mabenchi amene anthu amakhalira m'tchalitchi mwathu ndinakhoma ndine, ndipo mpaka lero palibe limene likugwedera. Mowa sindinaulawepo. Mkazi ndinakwatira mmodzi, ndipo ndinakalamba naye mpaka Mulungu anamutenga. Koma mtima wanga wadwala, ndipo nkhaniyi sindingapite nayo kwa abusa chifukwa munthu amene ndikudandaula naye amakhala nawo kutsogolo komweko.

Ndili ndi ana awiri, wamwamuna ndi wamkazi. Wamwamunayu ndi amene wandilembetsa. Ali wamng'ono ndinkamutchula kuti Kamsomali, chifukwa ankakonda kutola misomali yopindika pansi pa tebulo langa la ntchito n'kumaiwongola pamwala. Ndinamuphunzitsa kugwira sowo, kunola tchizulo, kutsinzina diso limodzi n'kuyang'ana thabwa ngati lapotoka. Mumtima ndinkadziwa kuti shedi yangayi adzaitenga ndi iyeyo. Ana anga sanagonepo ndi njala, sanandimvepo ndikutukwana mayi awo, ndipo Lamulungu lililonse ndinkawatsogolera ku tchalitchi atasamba bwinobwino.

Tsidya lina la msewu, moyang'anizana ndi shedi yanga, kuli munthu wowotcherera zitsulo. Amapanga mageti, mafelemu a mazenera ndi zina zotero. Anthu amawatchula kuti a Magalasi, chifukwa magalasi akuda owotchererera aja sachoka pamphumi pawo ngakhale akudya. Ndi aang'ono kwa ine. Ndikuwadziwa kuyambira kale, nthawi imene ankagona m'ngalande ndi mowa, ine n'kumawadumpha m'mawa popita ku ntchito. Kenako anatembenuka mtima. Sindikutsutsa, Mulungu amatembenuza amene wamufuna. Koma munthu ameneyu anatembenuka ndi phokoso. Akamapemphera amamveka mpaka kumsika. Makina awo odulira zitsulo akalira, iwo amaimba nyimbo pamwamba pa makinawo. Sipanapite nthawi anawasankha kukhala mkulu wampingo, ine wobadwira mumpingomo ndikadali pa benchi lakumbuyo limene ndinakhoma ndekha.

Zimenezo ndinazimeza. Koma mayi a ana atamwalira, mwana wanga anayamba kuwoloka msewu. Poyamba ankati akukabwereka chida. Kenako anayamba kukhalitsa. Tsiku lina anandiuza kuti, "Bambo, masiku ano anthu akufuna zitseko zachitsulo. Ndikufuna ndiphunzire kuwotcherera." Ine ndinati, "Pita, koma tsiku lako lomaliza udzagona m'thabwa, osati m'geti." Iye anaseka. Ine sindinaseke.

Kuchokera pamenepo ndimapala matabwa ndikumuona. Ndikadzutsa mutu, uyo ali apo, wanjuta pambali pa a Magalasi, moto ukuthetheka. M'mawa asanayatse makina amagwirana manja onse ogwira ntchito pamenepo n'kumapemphera poyera, anthu akudutsa ndi njinga. Masana amatsegula Baibulo pamwamba pa mgolo n'kumakambirana. Ndimamumva mwana wanga akuseka kuseka kumene pa shedi yanga sanasekepo.

Anakwatira mtsikana wabwino, ameneyo sindimunena. Chaka chino Mulungu wawapatsa mwana wamwamuna. Ndinkayesa kuti tsopano poti naye wakhala bambo, adziwa kuti bambo n'chiyani.

Mwezi watha m'tchalitchi munali nthawi ya maumboni, ndipo mwana wanga anaimirira. Mawu ake ndawasunga onse, chifukwa sachoka m'mutu mwanga. Anati, "Abale, ine ndinakulira mumpingo koma Mulungu sindinkamudziwa. Mayi anga ankatipempherera, koma atapita m'nyumba mwathu munangoti zii. Bambo anga ndi munthu wabwino, wolimbikira ntchito, koma chibadwire sindinawamvepo akupemphera. Mwamuna woyamba amene ndinamumva akutchula dzina langa pamaso pa Mulungu ndi bambo anga auzimu awa." Analoza a Magalasi. Anthu anawomba m'manja. A Magalasi anapukuta misozi ndi mkono wa jekete. Mayi wina amene anakhala kutsogolo kwanga anacheuka n'kundiyang'ana ngati wagwira wakuba nkhuku.

Aphungu, bodza loposa limeneli sindinalimvepo.

Kuseri kwa shedi yanga kuli kachipinda kosungiramo vanishi, guluu ndi zida. Kalibe zenera. Chitseko chake ndinapanga ndekha, chothina bwino, chokhala ndi kampiringidzo m'kati. Ndili mnyamata ndinamva mawu a Ambuye onena kuti wopemphera azilowa m'chipinda n'kutseka, asamachite ngati aja okonda kuonedwa pamphambano. Mawu amenewo ndinawagwira ndi manja awiri. M'mawa uliwonse ndisanakhudze chida ndimalowa m'menemo, ndimatseka, ndimagwada pa thumba la utuchi. Mawu sinditulutsa, milomo yokha ndi imene imayenda. Mwana ameneyu ndamupempherera ali m'mimba, ali ndi chikuku, akulemba mayeso, atayamba kuyenda ndi anzake osalongosoka. Tsiku limene anawoloka msewu ndinamupempherera kuti moto uja usamuwononge maso. Thumba limene ndimagwadapo lili ndi maenje awiri a mawondo anga, ndipo matumba otere ndasintha ambiri. Ana ndinawalamula kuti chitseko chimenecho chikatsekedwa asamagogode. Mayi awo ankadziwa, koma ndinawaletsa kunena, chifukwa ukaulula ndiye kuti mphotho yako walandiriratu. Pa chakudya ankapemphera ndi mayi awo, ine ndinkangoweramitsa mutu. M'tchalitchi akandiloza kuti nditseke ndi pemphero ndinkakana, mpaka anatopa n'kusiya kundiloza.

Tsopano ndiuzeni inu ophunzira. Pakati pa ine ndi a Magalasi, wasunga Malemba ndani? Wotseka chitseko, kapena wofuula m'mbali mwa msewu? Nanga zikutheka bwanji kuti wapamphambano ndi amene akutchedwa bambo, ine n'kusanduka chitsanzo cha nyumba yopanda pemphero?

Mwana wanga wamkazi atabwera kudzandiona ndinamufunsa kuti, "Kodi iwe, nawenso ukuti sindipemphera?" Anati, "Ine sindikudziwa, Bambo. Mumapemphera?" Ndinati, "Nanga m'kachipinda muja mumayesa ndimakatani?" Anaseka mpaka kugwira nthiti. Anati, "Ine ndinkati mumathawa phokoso lathu. Achimwene ankati mumakaba tulo mayi asakuoneni, poti munkatuluka maso ali psuu. Ndiye mumakatani, Bambo?" Ndinamuyankha kuti ndimakacheza ndi mabotolo a vanishi. Sindinamuuze. Nditaye mphotho ya zaka zonsezi chifukwa cha funso la mwana?

Pali inanso. Mdzukulu wanga atabadwa ndinamupangira kabedi. Ndinatsitsa thabwa limene ndinasunga kudenga zaka zambiri, louma bwino, limene ndinakaniza anthu ambiri. Sindinakhomepo msomali ndi umodzi womwe, zonse ndinachita kulowetsana. Ndinakwecha ndi sandipepa mpaka kanasalala ngati tsaya la mwanayo. Ndinapaka vanishi, ndinabwereza, ndinabwerezanso kuti kawale, ndipo m'mawa mwake ndinakasenza ndekha mpaka kunyumba kwawo. Mpongozi wanga anakalandira ndi manja awiri, anathokoza kwambiri. Nditapitanso kukaona mwana ndinamupeza wagona m'kabedi kachitsulo kopaka utoto woyera, ka a Magalasi. Kanga kali pakona, aikamo matewera. Mpongozi anaona nkhope yanga n'kunena kuti, "Bambo, musadandaule. Kanu kakadali ndi fungo la vanishi, mwana akumayetsemula. Tikudikira lithe kaye." Fungo? Ine ndapuma vanishi moyo wanga wonse, ndafa? Utoto wa a Magalasi wokha ndiye umanunkhira ngati maluwa?

Chimene chikundiopsa tsopano n'chakuti kachipinda kanga kaja kasanduka bwalo la milandu. Ndikangogwada, makina aja alira tsidya lina, ndipo m'malo mopemphera ndimayamba kukonza mawu oti ndidzawayankhe. Ndimawazenga mlandu a Magalasi, ndimawagonjetsa, anthu amandiwombera m'manja, mwana wanga amabwera kudzapepesa. Ndikamaliza ndimayambiranso, n'kuwonjezera pamene ndinaiwala. Ndimatuluka ndisanatchule ndi dzina la Mulungu lomwe. Sabata yatha ndinadula thabwa la tebulo la munthu n'kulifupikitsa, kulakwitsa kumene ndinasiya ndili wophunzira.

Tsiku linanso masana kunamveka kuphulika tsidya lija, magetsi n'kuthima, anthu n'kuyamba kuthamangira komweko. Mumtima mwanga munadutsa kamawu kakuti, "Mwina ndi a Magalasi." Sikanali ka mantha, Aphungu. Kanali ka chiyembekezo. Kenako ndinakumbukira kuti mwana wanga amagwira waya womwewo. Sanavulale munthu. Koma ndikufunsa: kodi ganizo lokha ndi tchimo, poti sindinachite kanthu ndipo sindinanene kanthu?

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera. Pali nkhani imene achinyamata a mumpingomu saidziwa. A Magalasi akamapereka umboni amanena za mowa, za ngalande, anthu n'kumaseka ndi kulemekeza Mulungu. Koma sanena za mwana wawo. Anali ndi kamnyamata ndi mkazi wawo woyamba. Kanadwala, mayi ake n'kumathamanga nako okha kuchipatala, bambo ake ali kumowa osapezeka. Kanamwalira. Bokosi lake ndinakhoma ine. Palibe amene anandituma. Ndinamva kulira, ndinasiya ntchito ya anthu, ndinatenga tepi yoyezera n'kupita. A Magalasi anafika tikuchokera kumanda, akudzandira. Mkazi uja anachoka, ndipo anthu amene ankaidziwa nkhaniyi ena anamwalira, ena anasamuka. Ine sindinauzepo munthu.

Kumapeto kwa mwezi uno akukapereka mdzukulu wanga kwa Mulungu m'tchalitchi. Mumpingo mwathu makolo amasankha munthu wamkulu mmodzi woti anyamule mwanayo ndi kumupempherera abusa asanamudalitse. Mwana wanga anabwera pa shedi kudzandiuza. Anati, "Bambo, tikupereka mwana. Mudzabwere, mudzakhale kutsogolo. Wopempherera tapempha a Magalasi." Ndinafunsa kuti, "Agogo ake anamwalira?" Anati, "Ayi Bambo, musatero. Inu zopemphera pagulu simuzikonda. Sindinafune kukuchititsani manyazi." Ndinapitiriza kupala thabwa. Iye anawerama n'kutola msomali wopindika, anauyang'ana, anauika patebulo panga, n'kuwoloka msewu.

Ndili ndi njira ziwiri. Yoyamba, ndikhale pakhomo tsiku limenelo, mpando wakutsogolowo ukhale wopanda munthu, aliyense aone. Yachiwiri, ndipite, ndipo a Magalasi akamatambasula manja kuti alandire mdzukulu wanga, ndiimirire n'kufunsa kuti, "Wanu uja munamunyamula liti?" Mawuwa ndawakonza kale, ndipo ndi oona. Malemba amatiuza kuti tizinena zoona. Galu wamkota sakandira pachabe.

Ndithandizeni kusankha. Koma musandiuze zokhululuka. Wolakwiridwa ndine, ndipo mwanayo ndi wanga.

W.T.K., kumzere wa akalipentala

Bambo W.T.K.,

Njira ziwiri zimene mwandipatsazo ndazikana zonse. Ndikupatsani yachitatu, koma yambani mwakhala pansi, chifukwa ndiyamba ndi mawu owawa: mwana wanu sananame.

Werenganinso zimene ananena. Sanati simupemphera. Anati sanakumvenipo. Akanakumvani bwanji? Chitseko munapanga nokha, chothina, kampiringidzo m'kati, kugogoda koletsedwa. Mboni imodzi yokha imene inalipo, mkazi wanu, munaitseka pakamwa mpaka inapita nazo kumanda. Mwana wanu wamkazi anakufunsani maso ndi maso, inu munamuuza za mabotolo a vanishi. Ndinu mmisiri wabwino, bambo. Munafuna kuti pemphero lanu lisamveke, ndipo silinamveke. Lero mukukwiyira mwana chifukwa ntchito yanu inatheka.

Sindikupeputsa ululu wanu. Mawu ngati amene aja sanenera pagulu kholo lili pomwepo, ndipo pamenepo mwana wanu anatengeka ndi chimwemwe chake n'kuiwala kuti muli ndi nkhope. Tsiku lina mudzamuuze zimenezo, awiriwiri. Koma limenelo ndi bala laling'ono. Lalikulu ndi lakuti mnyamata anakula akuyesa kuti bambo ake akutuluka m'kachipinda maso ali psuu chifukwa cha tulo, pamene anali misozi yolirira iyeyo.

Mawu a Ambuye amene munawagwira ndi oona, ndipo musawataye. Koma ankadzudzula anthu ofuna kutamandidwa ndi odutsa m'njira. Ana anu si odutsa m'njira. Malemba omwewo amalamula kholo kuti lizikamba za Mulungu ndi ana ake pokhala m'nyumba, poyenda, pogona ndi podzuka. Ambuye mwiniwake ankapita kwayekha, inde, koma ankapempheranso ophunzira ake akumva, mpaka iwo anasirira n'kupempha kuti awaphunzitse. Inu munatenga mwendo umodzi n'kufuna kuti tebulo liime. Kodi Kamsomali munamuphunzitsa kugwira sowo mutadzitsekera? Munamuimika pambali panu kuti aziona manja anu. Pemphero nalonso mwana amaliphunzira choncho.

Mukuopa kutaya mphotho. Ndikufunseni: pa thumba lija munkapempha chiyani? Si kuti mwana wanu amudziwe Mulungu? Wamudziwa. Yankho linabwera, koma linadzera tsidya lina la msewu, litavala magalasi akuda, ndipo inu mwakwiya ndi wolibweretsa. Wina amadzala, wina amathirira, wokulitsa ndi mmodzi. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. A Magalasi sanakubereni mwana. Anathirira pamene inu munadzala mobisa.

Matenda anu ndiwatchule dzina, chifukwa inu mwawazungulira kalata yonse: ndi nsanje. Inayamba kale, mwana asanawoloke msewu, pamene munthu amene munkamudumpha m'ngalande anakhala kutsogolo inu muli kumbuyo. Mukuikumbukira nkhani ya mwana wamkulu uja amene sanalakwirepo bambo ake, koma anakana kulowa m'nyumba chifukwa bambowo anaphera ng'ombe mng'ono wake wolowerera? Mukuikumbukiranso mfumu ija imene inamva amayi akuimbira mnyamata woweta nkhosa nyimbo yoposa yake? Sinaponye mkondo tsiku lomwelo. Inayamba ndi kuyang'ana. Inu mwayang'ana tsidya lina nthawi yaitali, mkondo mwausula, ndipo mwausankhira ndi tsiku lomwe.

Mwafunsa ngati ganizo lokha ndi tchimo. Ganizo lobwera lokha lili ngati mlendo wogogoda, ndipo aliyense amagogoderedwa. Tchimo limayamba mukamutsegulira n'kumupatsa mpando. Kamawu kaja ka tsiku la magetsi kanakuopsani, ndipo zimenezo zandilimbitsa mtima, chifukwa zikuonetsa kuti chikumbumtima chanu chikadali moyo. Koma sikanagwe kuchokera kumwamba. Kanamera pa milandu imene mumazenga m'mawa uliwonse mutagwada. Ana anu munawaletsa kugogoda pa chitseko chimenecho, koma nsanje mumaitsegulira tsiku lililonse. Kaululeni kamawu kameneko kwa Mulungu monga mmene mwandiululira ine. Ndipo kuyambira mawa, makina aja akalira mlandu n'kuyamba m'mutu, musalimbane nawo chamumtima, chifukwa chamumtima ndi kumene umakugonjetsani. Tsegulani pakamwa n'kunena momveka kuti, "Mulungu, mudalitseni munthu ameneyo, ndipo musunge maso a mwana wanga." Poyamba mawuwo adzawawa ngati mankhwala. Anenenibe. Tebulo lanu la ntchito mulitembenuzenso, muzipala matabwa mutafulatira msewu. Mudzapulumutsa mtima, komanso matabwa a anthu.

Za bokosi lija. M'kalata yanu yonse, amenewo ndi malo okongola koposa. Munamva kulira, munasiya ntchito, munatenga tepi, ndipo zaka zonsezi simunauze munthu. Chikhristu chanu chinaonekera pamenepo kuposa pa mabenchi. Musalifukule bokosi limenelo kuti mumenyere munthu. Mukuti mawu anu ndi oona. Malemba amafuna zoona zonenedwa mwachikondi, ndipo inu mukudziwa kuti simukuwakonzera kuchiritsa. Musaganize kuti a Magalasi anaiwala. Bambo saiwala manda otero. Amanena za ngalande chifukwa zimasekeka, za mwana sanena chifukwa sizinenedwa. Mwina n'chifukwa chake amagwira ana a anzawo mwamphamvu chotero, ndipo mwina misozi imene anapukuta ndi jekete ija sinali ya kunyada. M'mawa uliwonse amatsegula malo awo moyang'anizana ndi munthu amene anakhoma bokosi la mwana wawo. Inu mumayesa kuti kuyang'ana tsidya lina kumawawa kwa inu nokha?

Mukaimirira n'kufunsa funso lanulo, anthu sadzakumbukira mowa wa a Magalasi. Adzakumbukira agogo amene anatchula maliro a mwana pa tsiku lodalitsa mwana. Mwana wanu adzakukhululukirani mwina, koma mpongozi wanu sadzakupatsaninso mdzukulu kuti mumunyamule. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Kukhala pakhomo nakonso n'chimodzimodzi, kungoti mkondo wake ndi wosalira. Mudzatsimikizira mpingo wonse zimene mwana ananena.

Za kabedi, mpongozi wanu akunena zoona. Munapaka vanishi katatu n'kukapereka m'mawa mwake. Mphuno yanu inazolowera, ya khanda ndi yatsopano, ndipo khanda likamayetsemula silikhala kumbali ya munthu. Kauzeni akaike pakhonde pamphepo. Thabwa limene munasunga zaka zonsezo silingalephere kudikira milungu ingapo.

Njira yachitatu ndi iyi. Tsiku lopereka mwana lisanafike, m'mawa pa nthawi yanu yopemphera, muwoloke msewu. Musatume munthu. Mupereke moni kwa a Magalasi, ndipo muwapemphe kuti akubwerekeni mwana wanu kanthawi. Mulowe naye m'kachipinda kaja, chitseko chikhale chotsegula. Mumuonetse thumba ndi maenje ake awiri, ndipo mumuuze kuti simunkabwera kudzaba tulo. Musamuwerengere zimene munamuchitira, musatchule umboni wake, musatchule a Magalasi. Mugwade, ndipo mupemphere mokweza, mutchule dzina lake ndi la mwana wake. Mawu adzakhala ochepa, chifukwa mawu amene sanatulukepo ali ngati chitseko chokhalitsa chosatsegulidwa. Palibe kanthu. Iye sakufuna kumva mlaliki. Mlalikiyo ali naye kale. Chimene alibe ndi liwu la bambo ake. Mlongo wake nayenso mumuyankhe funso lake, chifukwa anafunsa bwino ndipo munamuyankha nthabwala.

Musapemphe kuti asinthe wopempherera. Tsikulo mudzapite, mudzakhale kutsogolo pamene anakuikani. A Magalasi adzanyamule mdzukulu wanu, ndipo akamaliza mudzanene ameni woti mayi wocheuka uja amve. Mwana wanu akadzakupemphani kuti nanunso munenepo mawu, musadzakane. Kale kukana kwanu kunali kudzichepetsa. Tsopano kungakhale kunyada.

Ndikuchenjezeni ziwiri. Musayambe kukonza m'mutu mmene mwana wanu adzagwere pamapazi anu akulira, chifukwa limenelo ndi bwalo lomwe lija mwangosintha mlandu. Mwina adzangonena kuti ntchito ikumudikira. Musiyeni apite nazo. Munthu amene anatola msomali wopindika n'kuuika patebulo panu sanachoke kwenikweni. Chachiwiri, musazengereze. Mwanena nokha kuti ndinu wachikulire, ndipo amene ankadziwa chinsinsi chanu anapita kale. Mukapitiriza kutseka, tsiku lina mwana wanu adzalowa m'kachipindamo inu kulibe, atagwira tsache. Adzapeza thumba la maenje awiri, sadzadziwa kuti n'chiyani, ndipo adzalitaya limodzi ndi utuchi wina.

Aphungu